Dzina la mkungudza ndi nthambi youma ya Whyte: yankho kwa aphunzitsi a ku Mulanje

Aphunzitsi ena a sukulu ya pulayimale m'tsinde mwa phiri la Mulanje atitumizira imelo. Akuti ana awo anawafunsa kuti n'chifukwa chiyani mkungudza, mtengo umene makolo athu ankaudziwa kuyambira kalekale, uli ndi dzina la sayansi loti Widdringtonia whytei. Akufunsanso ngati iwo ndi anawo angathe kutola zomera n'kuzisunga monga ankachitira akatswiri a zachilengedwe akale.

Aphunzitsi, mafunso anu awiriwa ndi mutu umodzi. Mu 1891 Alexander Whyte, wa ku Scotland, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a ku Britain m'dziko muno nthawi imeneyo, anakwera phirilo, nathyola nthambi za mkungudza, naziumitsa pakati pa mapepala n'kuzitumiza ku London. Kumeneko Alfred Rendle, katswiri wa zomera wa ku British Museum, anaziyerekeza ndi zina zimene zinalipo kale, ndipo mu 1894 analemba kuti uwu ndi mtundu wapaokha, nautcha dzina la wotolayo. Anawo muwauze mosabisa kuti Whyte anapeza eni dera akuudziwa kale mtengowo. Mbali yake inali kusiya umboni pamalo poti katswiri aliyense angaugwire ndi manja, chifukwa dzina la sayansi limamangidwa pa chomera chouma chosungidwa. Mwambo wopatsa chomera dzina la mawu awiri, ngati Widdringtonia whytei, anaukhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, koma kuumitsa zomera m'mapepala n'kwakale kuposa pamenepo, kunayamba ndi Luca Ghini ku Italy m'zaka za m'ma 1500.

Nthawi zina dzina lathu linkapulumuka. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi Shire kuyambira 1858, anaona alenje akupaka mivi ulembe wochokera ku njere za kombe. Chomeracho mpaka lero chimatchedwa Strophanthus kombe, ndipo madokotala a ku Ulaya anapangamo mankhwala a mtima. Kirk yemweyo anataya zolemba ndi zojambula zake zambiri mu 1860 bwato litagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa mu mtsinje wa Zambezi. Zotere n'zimene zimachititsa kuti wotola wanzeru atole zitatu kapena zinayi za chomera chimodzi, n'kuzisunga m'malo osiyana.

Inde, ntchitoyi mungaithe ndi ana anu, ndipo zipangizo zake n'zosavuta. Pezani matabwa awiri opyapyala a masentimita 30 m'lifupi ndi 45 m'litali, mulu wa nyuzipepala zakale, makatoni odulidwa pamuyezo womwewo, ndi malamba awiri kapena malekeni a chubu cha njinga.

Potola, sankhani nthambi yokhala ndi maluwa kapena zipatso. Masamba okhaokha amasokeretsa ngakhale katswiri, poti mitengo yambiri imafanana masamba, imasiyana pa duwa. Udzu ndi tizitsamba muzule ndi mizu yomwe, mukutumule dothi. Chikatalika kuposa pepala, chipindeni ngati chilembo cha V kapena N, osachidula. Pochiyala, tembenuzani tsamba limodzi kapena awiri kuti kunsi kwake kuoneke, chifukwa ubweya ndi mitsempha ya kunsiko imathandiza pozindikira mtundu, ndipo tsamba likauma simungalitembenuze osalithyola. Sanjani chonchi: katoni, nyuzipepala, chomera, nyuzipepala, katoni, mpaka mulu uthe, kenako mumange zolimba.

Pamene ambiri amagwa m'pa chinyezi. Sinthani nyuzipepala tsiku lililonse kwa masiku atatu kapena anayi oyamba, ndipo nthawi iliyonse mukokenso malamba, chifukwa zomera zikamauma mulu umatsika, masamba n'kuyamba kukwinyika. Mukazengereza, mudzapeza masamba atada bii, atachita chuku. Ku Mulanje, nthawi ya chiperoni, mpweya wokha suumitsa kanthu; ikani mulu wonse chammbali pamwamba pa malo ofunda, monga pafupi ndi mbaula yamakala imene yazirala, kuti kutentha kudutse m'timabowo ta katoni. Moto waukulu umaphika masamba, amasanduka ofiirira ndi ophwanyika. Chomera chouma bwino chimauma gwa, sichizizira mukachigunditsa patsaya. Zambiri zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, koma zamasamba onenepa amadzi zimachedwa kwambiri. Komanso musasiye zotola zanu m'jumbo padzuwa: pofika madzulo zimakhala zitafutuka ngati ndiwo.

Tsopano mbali imene timaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndiyo kalembedwe. Chomera chilichonse chikhale ndi nambala yake, yolembedwa ndi pensulo pa nyuzipepala ndi m'kope, poti inki imasungunuka ikanyowa. M'kopemo mulembe pomwepo, musanachoke pamalopo: tsiku, dzina la wotola, mudzi ndi mfumu yake, mtunda kuchokera pa chizindikiro chodziwika ngati mlatho kapena mtsinje, ndi manambala a GPS a pafoni ngati alipo. Mulembenso zonse zimene zidzatayike chikauma: mtundu wa duwa, fungo, utomoni kaya ndi woyera ngati mkaka, msinkhu wa mtengo, maonekedwe a khungwa. Ndipo tumani ana akafunse agogo awo dzina la chomeracho m'Chichewa kapena m'Chilhomwe ndi ntchito yake, mulembe ndi dzina la wokuuzaniyo akalola. Apa m'pamene otola ambiri akale anatilakwira, poti mayina a amene ankawatsogolera m'nkhalango ndi kuwanyamulira katundu sanalembedwe kawirikawiri.

Zikauma, mdani wotsala ndi tizilombo tofumbula ngati anankafumbwe, timene timayamba kudya maluwa. Zikulungeni m'pulasitiki wotseka bwino, muziike mufiriza kwa sabata yathunthu, kenako muzisunge mopanda chinyezi. Pomata, gwiritsani pepala lolimba loyera ndi timizere ta pepala topaka guluu. Selotepi imachita chikasu n'kumatuka pakapita zaka zochepa.

Yambani ndi zomera za pabwalo la sukulu ndi m'mbali mwa minda. Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, kutolamo kumafuna chilolezo cha a zankhalango, ndipo mkungudza wokha musauthyole, poti watsala pang'ono kutheratu. Zimene zakukanikani kuzizindikira, tumizani chimodzi mwa zitatu zija ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, pamodzi ndi nambala yake ndi zonse za m'kope zija.