Chifefe changa cha pump chikundivuta: ndigule china?

Yafika imelo kuchokera kwa m'bale wathu amene anakhazikika ku South Africa, ndipo amagwira ntchito pa famu ina ku Free State. Funso lake, mwachidule, ndi ili: "Ndili ndi chifefe cha pump, Remington 870 Express, 12 gauge, chimene ndinagula kwa munthu. Ndimasakira nkhanga ndi nkhwali nyengo yozizira. Ndikawombera koyamba, nthawi zina chimakana kachiwiri. Chimandimenya kwambiri paphewa, chayamba dzimbiri, komanso ine ndine wamanzere. Anzanga ena akuti ndigule Mossberg 500, ena akuti semi-auto. Nditani?"

Achimwene, zikomo polemba. Musathamangire kugulitsa. Pa madandaulo anu anayiwa, atatu amatha ndi ndalama zochepa, ndipo awiri mwa atatuwo angakutsatireni ngakhale mutagula pump ina yatsopano. Lachinayi lokha, la dzanja lamanzere, ndi limene lingandichititse kunena kuti sinthani.

Tiyambe ndi kukanako, chifukwa ndi kumene kumapweteka mtima mlenje. Mfuti ya pump imadalira dzanja lanu pa chilichonse. Chogwirira chakutsogolo chiyenera kukokedwa mpaka chigunde kumbuyo, kenako kukankhidwa mpaka chitseke. Nkhanga zikadzuka gulu lonse nthawi imodzi, mtima umathamanga, dzanja n'kubwerera lisanafike kumapeto. Khoko la chipolopolo choyamba mwina latuluka, koma chachiwiri sichinakwere, ndipo mukakoka trigger palibe chimene chikulira. Ngati ndi zimenezi, mfutiyo ilibe mlandu. Mossberg idzachitanso chimodzimodzi m'manja omwewo. Mankhwala ake ndi kuyeserera kunyumba ndi zipolopolo zabodza zija za snap cap, mutatsimikiza kawiri kuti m'mfutimo mulibe chenicheni, n'kumakoka mwamphamvu osainyengerera. 870 simathyoka chifukwa chokokedwa mwamphamvu.

Koma pali kukana kwa mtundu wina. Mwawombera, ndiye chogwirira chija chauma gwa, mpaka mukulimbana nacho. Apa vuto lili m'chamber, malo amene chipolopolo chimakhala. Remington inayamba kupanga 870 mu 1950, ndipo zapangidwa zoposa 11 miliyoni. Mtundu wa Express unabwera mu 1987 kuti ukhale wotsika mtengo kuposa Wingmaster, mtundu wina wa 870, choncho zitsulo zake sizinasalazidwe mofanana. Zipolopolo zambiri zotchipa zili ndi thako lachitsulo longokutidwa pamwamba kuti lizioneka ngati la brass. Likafufuma ndi mphamvu ya wonga silibwerera bwino, ndipo limakakamira m'chamber yokhakhala. Wokonza mfuti wovomerezeka amasalaza malowo, n'kuona ngati extractor, kambedza kokoka khoko, yatha. Kuti mudziwe kuti vuto lanu ndi liti, pitani ku range, malo ophunzirira kuwombera, ndi zipolopolo za makampani awiri kapena atatu, ndipo mupatseko munthu wozolowera pump awombere. Ikamuyendera bwino iyeyo, yankho mwalipeza.

Za kumenya paphewa, anzanu amene akuti Mossberg ikuthandizani akulakwitsa. Mfuti imakankha molingana ndi kulemera kwa mtovu umene ukutuluka, liwiro lake, ndi kulemera kwa mfutiyo. 870 imalemera pafupifupi makilogalamu 3.4, ndipo thupi lake ndi lachitsulo. Thupi la Mossberg 500 ndi la aluminiyamu, choncho silemera kuposa yanuyo, ndiye singakankhe mochepa kuposa yanuyo. Yang'anani kaye pabokosi la zipolopolo zanu. Ngati mukuwombera za magalamu 36, kapena zazitali zija za mamilimita 76, phewa likuvutika pachabe. Nkhanga ndi mbalame yolimba, inde, koma ine ndimaona kuti magalamu 32 a mtovu wa saizi nambala 5 amakwana mukaiwombera pa mtunda woyenera. Pophunzira kuwombera timbale tija toponyedwa m'mwamba, a 28 kapena 24 ndi okwanira. Onaninso kutalika kwa stock, gawo lotsamira paphewa. Yochokera ku fakitale imakhala pafupifupi masentimita 36 kuchokera pa trigger. Ambiri a ife si ataliatali, ndipo m'mawa wa July ku Free State munthu amavala jekete yokhuthala. Stock ikatalika mwa njira imeneyi, simakhala pamalo pake, imagunda pamkono, komanso dzanja lakutsogolo limavutika kufika. Mwaona kuti zimenezi zikubwereranso ku vuto loyamba lija? Kuidula pang'ono ndi kuikapo labala yabwino kungathetse mavuto awiri pakamodzi.

Dzimbiri sindichedwapo. Khungu la Express limasunga chinyezi. Muzichipukuta ndi kansalu ka mafuta mukangochoka kutchire, ndipo musamachisiye m'chikwama chansalu chonyowa ndi mame. Chokhacho choopsa ndi dzimbiri lokumba m'kati mwa mpope, kapena mpope wotupa penapake. Mukaona zimenezo musawomberenso mpaka wokonza mfuti aone.

Tsono dzanja lamanzere. Musanawononge ndalama, dziwani diso limene limatsogolera. Lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsekani limodzi, mutsegule, mutseke linalo. Diso limene chala chikukhalabe pa chinthucho ndilo lotsogolera. Alipo amanzere amene diso lawo lotsogolera ndi lamanja, ndipo otero zimawayendera bwino akaphunzira kuwombera paphewa lamanja. Ngati diso ndi dzanja zonse ndi zamanzere, dandaulo lanu ndi lomveka. Safety ya 870, yotchinga kuti mfuti isalire mwangozi, ndi kabatani kali kuseri kwa trigger, kamene kanakonzedwa kuti chala chamanja chizikakankha. Wamanzere amachita kuzungulira pansi, ndipo ndaonapo anthu ena akungoyenda safety ili yochotsa kuti asachedwe. Chimenecho ndi chimene chimandiopsa kuposa zonse mwalembazi, chifukwa posaka nkhanga mumayenda mzere ndi anzanu ndi agalu. Mossberg 500, imene inayamba mu 1961, ili ndi safety pamwamba, yokankha ndi chala chachikulu cha dzanja lililonse, koma makoko imatayabe kumanja, kudutsa kumaso kwanu. Browning BPS ili ndi safety pamwamba ndiponso imataya makoko pansi. Kwa wamanzere wofuna pump, imeneyi ndiyo ndingasankhe, ngakhale ndi yolemerapo. Dziwaninso kuti safety yamanzere ya 870 imagulitsidwa, ndipo wokonza mfuti angakuikireni. Musayese nokha.

Semi-auto, mfuti yolowetsa yokha chipolopolo chotsatira, ikakhala yoyendera gasi monga Beretta A300, imakankhadi pang'ono. Pamenepo anzanu sakunama. Koma muli ku South Africa, ndipo lamulo la Firearms Control Act la 2000 silikulolani kungosinthanitsa mfuti ngati njinga. Mfuti iliyonse imafuna chiphaso chakechake, ngakhale mpope wokha umawerengedwa ngati mfuti. Chiphaso cha gawo 15, cha wosaka mwa apo ndi apo, chimakhala zaka 10 ndipo sichilola chifefe cha semi-auto. Kuti mukhale nacho posakira muyenera kulowa gawo 16, kutanthauza kukhala membala wa bungwe lovomerezeka la alenje kapena la masewero owombera, limene lidzakuchitireni umboni. Mapepala akapita ku polisi, kudikira kumatenga miyezi. Mukagulitsa 870 lero, mwina nyengo yonse yosaka idzadutsa mulibe chogwira. Amene akugulayo naye ayenera kupeza chiphaso chake musanamupatse mfutiyo, apo ayi idutse kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka.

Ndikanakhala inu, mwezi uno ndikanapita nacho kwa wokonza mfuti kuti asalaze chamber, ayeze stock ndi kusintha safety. Chikabwera, imikani pepala lalikulu pa mamita 15 pamalo otetezeka, jambulani kadontho pakati, kwezani mfuti msanga monga mumachitira mbalame ikadzuka, muwombere kangapo. Mtovu ukamagwera pa kadonthoko, chifefecho ndi chanu ndithu. Ngati makoko odutsa kumaso akukusokonezanibe pakatha nyengo imodzi, pemphani chiphaso cha BPS pamene 870 ikadali m'safe mwanu, popeza gawo 15 limalola mfuti zofika zinayi, ndipo mudzagulitse chakalecho chiphaso chatsopano chitatuluka.