Tifunseni: Za ku Las Vegas, mzinda wa njuga

Akonzi, mwana wanga ndi namwino ku Las Vegas, ku America, ndipo akusamalira agogo ena achikuda. Agogowo akuti kale oimba akuda ankasangalatsa azungu m'mahotela, koma osaloledwa kugonamo. Ine ndinakulira ku Mbare mzinda uno ukadali Salisbury, moti zandikumbutsa zambiri. Kodi sakuwonjezera? Nanga mzinda ukula bwanji m'chipululu?
Mayi wa ku Mufakose, Harare

Amayi, agogowo sakuwonjezera ngakhale pang'ono. Oimba otchuka akuda monga Sammy Davis Jr. ndi Nat King Cole ankadzaza maholo, koma akatha kuimba ankakagona ku Westside, kutsidya kwa njanji, kumene anthu akuda anaunjikidwa. Inu amene munaona makolo athu ochokera ku Nyasaland akutsuka mbale m'tauni masana n'kubwerera kukomboni madzulo, chitupa chili m'thumba, simufunika kufotokozeredwa. Hotela yoyamba yolandira mitundu yonse, Moulin Rouge, inatsegulidwa mu 1955 n'kutsekedwa chaka chomwecho. Tsankho m'makasino (nyumba za njuga) linayamba kutha mu March 1960, anthu akuda ataopseza kuti achita zionetsero.

Za kukula kwake, chiyambi ndi sitima. Mu 1905 kampani ya njanji inagulitsa mapuloti pamalo pamene panali akasupe. Kenako mu 1931 zinthu ziwiri zinakumana: boma la Nevada, dera limene muli mzindawu, linaloleza njuga, ndipo ntchito yomanga damu la Hoover pa mtsinje wa Colorado, pafupi ndi mzindawu, inayamba. Tangoganizani amuna masauzande, malipiro ali m'manja, kwina kopita kulibe. Amene abale awo anagwira ntchito ku Kariba akudziwa mmene ndalama yotere imathera.

Mu 1950 mzindawu unali ndi anthu osakwana 25,000. Pofika 2020, chigawo cha Clark chimene mzindawu ulimo chinali chitapitirira 2 miliyoni. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti kumeneko chakale sachisunga. Mahotela amene agogowo ankawadziwa anawagwetsa ndi mabomba anthu akuonerera ngati mpira: Dunes mu 1993, Sands mu 1996, Tropicana mu 2024. Inu ku Mbare mungathe kulozabe nyumba zakale monga mahositelo a Matapi kapena Stodart Hall n'kunena kuti apa ndinapondapo. Iwo angaloze chiyani?

Madzi nawo ndi nkhani. Pafupifupi 90 peresenti amachokera ku nyanja ya Mead, kuseri kwa damu lija, ndipo yaphwa kwambiri chiyambire 2000, mpaka eni nyumba amalipidwa kuti azule kapinga pakhomo. Ife a ku Harare, ozolowera zigubu ndi mijigo, tisawaseke.

Mwana wanu akawafunsenso za mabomba a nyukiliya. Kuyambira 1951 ankawayesa m'chipululu pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo alendo ankakwera pamwamba pa mahotela m'bandakucha, chakumwa m'manja, kudikira kuti aone utsi wake. Agogowo akayankha, mudzatilemberenso.