Mipata ya pamkono ndi kumbuyo kwa shati ikumang'ambika? Vuto lili pansonga

Achemwali, ndaona funso lanu loti mashati ndi mabulauzi amene mukusoka akumang'ambika pa mpata wa pamkono paja pamakhala batani, komanso kampata kakumbuyo kwa khosi, ndiye mumafunsa ngati vuto ndi ulusi kapena makina. Ine ndikuona kuti ulusi ndi makina zilibe mlandu kwenikweni. Tatengani shati imodzi yomwe yang'ambika muiyang'anitsitse, mupeza kuti nthawi zonse imayambira malo amodzimodzi, pansonga penipeni pomwe sizasi inathera podula mpata uja. M'mbali monse muli nsalu yotsala yoti msoko ugwire koma pansonga pamangotsala timaulusi tiwiri titatu basi, nde munthu akamakwinya mkono wa shati kapena akamalowetsa mutu mphamvu yonse imathera pa timaulusi timeneto. Olo mugule ulusi wolimba bwanji pamenepo pang'ambikabe ngati simunapakonze kaye.

Ndiye kulimbitsa kwake kumayamba musanagwire n'komwe sizasi. Jambulani mzere wa mpata ndi choko koma musadule. Tengani kachidutswa ka interfacing yopepuka, nsalu yolimbitsira ija yomata ndi ayironi, ka masentimita 3 mbali zonse, mukamate kuseri kwa nsalu pomwe mzere wathera, nsonga ikhale pakati pa kachidutswako. Ngati nsalu yake ili yopyapyala kapena yoyoyoka msanga bola kumata kamzere kotalika mpata wonse. Pomata musamayendetse ayironi ngati mukusita zovala ayi, ikani, dinani, dikirani pang'ono, nyamulani, kenako muisiye izizire musanaigwedeze. Ambiri amathamanga pamenepa nde interfacing imadzamatuka tsiku loyamba lochapa. Ngati mulibe interfacing kachigamba ka nsalu yopepuka yolukana bwino kamagwira ntchito yomweyo, mungokagwiritsa ndi mapini kapena kukasokerera pamanja kaye.

Kenako sokani mozungulira mzere uja ngati chilembo V chozondoka. Muyambire kumunsi mamilimita 6 kuchoka pa mzere, muzipita mukuyandikira mzerewo mpaka pansonga, ndipo mukatsala ndi masentimita 2 kuti mufike chepetsani sitichi ikhale 1.5. Pansonga penipeni musatembenuke mwachindunji, menyani sitichi imodzi yopingasa kenako mutsike mbali inayo. Ka sitichi kamodziko kamaoneka kachabechabe koma ndi kamene kamapatsa sizasi malo olowa komanso nsonga imatembenuka bwino osakwinyika. Tsopano ndi pomwe mudule, ndi sizasi yakuthwa kunsonga, mufike pafupi kwambiri ndi sitichi ija koma osaidula. Mukaopa n'kulekera patali padzatupa ngati kathumba, mukapitiriza n'kudula ulusi ndiye kuti bowo mwaliyamba nokha.

Pa mkono sindikudziwa kuti mukugwiritsa njira iti, koma ambiri amayamba ndi ija yokulunga mpata wonse ndi kansalu kamodzi kakatali. Kansaluko kakhale kotalika kawiri kuposa mpata, m'lifupi masentimita 3.5 kapena 4. Tambasulani mpata ukhale ngati mzere umodzi woongoka, mkono wa shati ukhale pamwamba kansalu pansi kuti muziona sitichi zanu zoyamba zija, muzisoka mongodutsa pang'ono mkati mwake. Mukafika pansonga imani singano ili m'nsalu, kwezani phazi la makina, kankhirani makwinya onse kumbuyo kwa singano, tsitsani phazi mupitirize. Mukamaliza kupinda ndi kusoka mbali yachiwiri pali chinthu chomwe matelala ambiri amadumpha ndipo chimandipweteka mtima chifukwa sichitenga ngakhale mphindi imodzi. Pindani kansalu kaja pakati kuseri kwa mkono, m'mbali ziwirizo zigundane, kenako pamwamba pomwe papindikapo musoke kamzere kopendekera, kamakona atatu kakang'ono, mubwereze kawiri kapena katatu. Kamenekako ndi kamene kamalandira mphamvu munthu akakoka, nsonga yeniyeni ija imangokhala phee kumbuyo kwake.

Komabe ndinene zoona, njira imeneyi ndi ya mabulauzi ndi zovala zopepuka. Shati yovala tsiku ndi tsiku, ya kuntchito, yunifomu, ya munthu wokonda kukwinya manja, ine ndingakulangizeni muphunzire placket ija ya pa mashati achimuna, yomwe pamwamba pake pamaoneka ngati kadenga kosongoka. Imadya nthawi poyamba inde, ndipo muyenera kusita popinda paliponse musanasoke, koma ubwino wake ndi woti nsonga yonse imakwiririka mkati, ndipo pamwamba mumasoka kabokosi kodutsa nsalu zonse pamodzi, mukafuna muikemo X mkati mwa kabokosimo. Pamenepo ndi povuta kwambiri kung'ambika. Mpata wake usakhale waufupi, pa shati ya munthu wamkulu masentimita 12 mpaka 15 ali bwino kuti mkono uzipindika mpaka pachigongono popanda kukakamiza. Ukatalika choncho muikepo kabatani kakang'ono pakati kuti usamayasamule n'kumakodwa ku zinthu.

Za kumbuyoko, choyamba tengani tepi. Mipata yambiri yakumbuyo imang'ambika osati chifukwa chosoka molakwika koma chifukwa ndi yaifupi, mutu umachita kulowa mokakamiza tsiku lililonse. Mutu wa munthu wamkulu kawirikawiri umazungulira masentimita 55 mpaka 58, nde yezani khosi la chovala lonse mozungulira muonjezere kutalika kwa mpata kawiri, zimenezo zipose mutu wa mwini wake ndi masentimita angapo, makamaka ngati ali ndi tsitsi lambiri. Pa zovala za ana samalani kwambiri, mwana mutu wake umakhala waukulu poyerekeza ndi thupi, ukangoyeza pachifuwa n'kuiwala mutu mayi ake azidzachita kukoka povula ndipo kampata kaja sikadzakhalitsa.

Ngati sitayilo ikulola, dulani kumbuyo zidutswa ziwiri kuti pakati pakhale msoko, kenako msokowo muusiye wosasoka chakumtunda ukhale mpata wanu. Iyi ndiye njira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse chifukwa palibe chong'amba, mbali zonse zili ndi nsalu yopindira ya sentimita imodzi ndi theka mpaka pansi. Pomwe msoko wathera bwezani makina kumbuyo, sitani motsegula, sokani mozungulira mpata, mumalize ndi bar tack, kamzere ka timasitichi tothinana, mopingasa. Koma ngati kumbuyo ndi chidutswa chimodzi ndiye mubwerere ku zomwe ndanena poyamba zija, interfacing, V wa sitichi zing'onozing'ono, sitichi imodzi yopingasa, kungoti apa mukusoka pamodzi ndi facing, kansalu kotembenuzira mkati kobisa m'mphepete mwa khosi ndi mpata. Facing yo ipitirire nsonga ndi masentimita 4 kapena 5, m'mphepete mwake muchite ovaloko kapena zigzag, ndipo mukaitembenuzira mkati muigwiritse pansi pake kuti isamatuluke.

Kalupu, kachingwe kokolowekera batani, nakonso musamangokasokerera pamwamba ntchito itatha. Kalowetseni pakati pa chovala ndi facing musanasoke, michira yake ikhale yotalikirapo kuti isasolotoke, mudutsepo katatu. Pansi pa batani pakhale interfacing, ndipo batanilo musalimangitse gwa pa nsalu, lisiyireni kakhosi ka ulusi kuti lupu izikhala momasuka.

Bar tack mwina mumaidziwa kale, ndi ija mumaiona pakona pa matumba a jinzi. Pa makina a zigzag ikani m'lifupi 2 kapena 3, kutalika kwa sitichi pafupifupi 0.5, musoke kamzere ka mamilimita 6 mpaka 8. Ngati makina anu amangosoka choongoka pitani kutsogolo ndi kumbuyo katatu kapena kanayi, kapena muchite pamanja, mudutse ulusi kangapo mopingasa kenako muukulunge ndi timasitichi tothinana. Chenjezo lokha, pa nsalu yopyapyala musapanikize kwambiri, singano ikabaya malo amodzi kambirimbiri nsalu imadukaduka yokha ndipo idzang'ambika m'mbali mwa bar tack momwemo. Ndi chifukwa chake kuseri kumafunika interfacing.

Poti munafunsa za ulusi, wa polyester ndi wolimba kuposa wa thonje nde pa malo okokedwa ngati amenewa ndi umene ndingasankhe. Singano ya nsalu ya shati ikhale 70 kapena 80, ndipo isakhale yobuntha, singano yobuntha imadula ulusi wa nsalu m'malo molowa pakati pake. Nsalu ya thonje muichape kaye musanadule, pamodzi ndi kansalu kokulungira ngati ndi ka mtundu wina, apo ayi china chidzafupika china ayi ndipo pansonga padzakhala pakukokana. Eni zovala muziwauzanso kuti azimasula mabatani a pamkono ndi kumbuyo pochapa ndi povula, ambiri amangosolola dzanja batani lili chimangire.

Zomwe zang'ambika kalezo musataye. Masulani msoko kuzungulira nsonga, lumikizani bwinobwino pong'ambikapo, matani interfacing kuseri, mudutsepo zigzag yothinana ndi ulusi wofanana mtundu, kenako mubwezeretse kansalu kaja. Ngati pang'ambika motalika pa mkono, chotsani cuff, kansalu kakumapeto kwa mkono wa shati, mbali imeneyo muikepo placket ya kadenga ija yotalikirapo pang'ono, idzabisa pong'ambikapo ponse, kungoti muchite chimodzimodzi mkono winawo kuti manja afanane. Musanayambe pa chovala cha kasitomala tengani zidutswa ziwiri za nsalu yomweyo, china musoke mmene mumasokera kale china mmene ndafotokozamu, muzikoke ndi manja mwamphamvu ndithu muone chomwe chiyambe kugonja, ndipo ngati chachiwiricho chang'ambikabe pansonga jambulani kuseri kwake mutumize mugulu muno tione pomwe sizasi inafika.