Usawaponyere amalume ako mawu akuti thangata

Mdzukulu wina wa ku Phalombe wandilembera modandaula. Amalume ake anamuitana kuti akawathandize kupalira chimanga, ndipo dzuwa litakwera iye anangoti mwanthabwala, "Koma amalume, iyi ndiye thangata!" Mkuluyo anaponya khasu pansi n'kumuuza kuti azipita, ndipo mpaka pano moni sakuyankha. Mnyamatayu akufunsa chimene analakwa, poti kusukulu anzake amanena mawu omwewa aphunzitsi akangowatuma kukatchetcha udzu.

Unalakwa, mdzukulu wanga, ngakhale sunadziwe kuti waponda pachilonda. Kale kuthangata kunali kuthandiza basi. Munthu ntchito ikamukulira ankafulula mowa n'kuitana dima, anzake n'kubwera ndi makasu, mawa iye n'kukabweza kwa wina. Amfumu nawonso ankalimiridwa choncho, poti nkhokwe yawo ndi imene inkadyetsa alendo ndi osowa.

Zinatembenuka azungu atatenga malo aakulu m'zaka za m'ma 1890, makamaka ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Aliyense wokhala pa esiteti anauzidwa kuti lendi yake ndi thukuta: mwezi umodzi kugwirira malo, mwezi wina kugwirira msonkho wa nyumba. Ntchito imeneyi anaitcha dzina lokoma lija. Koma mwezi wa pa esiteti sunkatha ndi kalendala. Kapitawo ankalemba tsiku pa tikiti pokhapokha munthu akamaliza ndime yake, ndipo ndime ikatsala tsikulo lapita pachabe, mwezi n'kumangotalika. Choipitsitsa, ankawafuna nthawi ya dzinja, pamene munda wawo womwe ukulira khasu. Bambo ankapalira thonje la mzungu kwinaku chimanga cha ana ake chikumira mu udzu. M'malo ena ngakhale amayi amasiye sankawasiya.

Ambiri amene goli limeneli linawagwera anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene anathawa nkhanza za Apwitikizi. Analibe mudzi wothawirako, choncho mwini esiteti ankawachita chimene wafuna. Iwe ndiwe wa ku Phalombe. Kafunse bwino za agogo a amalume akowo, mwina nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwanu momwe.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, woyang'anira wake William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza, ndipo matchalitchi a mpingo wa John Chilembwe omangidwa pamalopo ankawotchedwa. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira, Livingstone n'kuphedwa. Pasanathe milungu iwiri Chilembwe nayenso anaomberedwa. Nkhope imene umaiona pa K500 ndi pa K2,000 ndi yake. Komabe thangata sanathe pamenepo. Lamulo lomuthetsa linabwera mu 1962, ufulu utatsala pang'ono. Ndiye ukamauza mkulu wa kwanu kuti akukugwiritsa thangata, iye akumva kuti wamutcha kapitawo wa mzungu, chonsecho nsima imene udye madzulo ichokera m'munda womwewo.

Usapepese pa foni, ndipo usatume amayi ako. Lawirira mamawa ndi khasu lako, akakupeze uli kale pa mzere. Akafika, ika khasu pansi, khala pansi kapena nyonyomala, uwauze kuti, "Amalume, pakamwa panandilakwitsa, mundikhululukire." Zoti zinali nthabwala usazitalikitse. Akakhala chete, iwe pitiriza kupalira.

Mtsikana wina wa ku Lilongwe akuti anakangana ndi anzake: iwo akuti mawu akuti boma ndi zilembo zoyamba za British Overseas Military Administration. Bodza limeneli lakalamba, ndipo aphunzitsi ena amalinena molimba mtima. Boma ndi Chiswahili, ndi mpanda kapena linga. Atsamunda ankamanga maofesi awo mkati mwa linga, anthu n'kumati tikupita ku boma, mpaka dzinalo linamatirira kwa olamulira. Wapambana mkangano, mwanawe, koma usakawavinire.

Yemweyo akufunsa chifukwa chimene agogo ake amatchulabe mapaundi. Kwacha yathu inayamba mu 1971, ndipo paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri. N'chifukwa chake nkhalamba ikati handiredi paundi ikunena K200. Siinasokonezeke mutu, ikuwerenga mmene inaphunzirira, ndipo si ulemu kuiseka pamsika. Dzina lakuti kwacha linali mfuu ya pamisonkhano yomenyera ufulu, masiku okana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Tambala ndiye wolengeza kuti kwacha, komanso anali chizindikiro cha chipani cha Congress. Anzathu a ku Zambia anatitsogolera, kwacha yawo inayamba mu 1968. Ine zimandiseketsa kuti lero tambala sagula ngakhale machesi, koma dzina lake likadali m'mabuku a kubanki.

Mawu a masiku ano nawonso ali ndi kwawo. Wenela amene mumakwererapo basi ku Blantyre anatengera dzina ku bungwe la WNLA, limene linkalemba amuna opita kumigodi ya ku Joni. Cashgate ya mu 2013, pamene ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill polipira katundu amene sanaperekedwe, inabwereka mchira wake ku Watergate, nyumba ya ku Washington kumene kunayambira mlandu umene unachititsa Richard Nixon kutula pansi udindo mu 1974. Tippex ndi utoto woyera wofufutira zolemba, koma chichitikireni chisankho cha pulezidenti cha 2019, chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020 mwa zina chifukwa zotsatira zinafufutidwa ndi utotowu, aliyense wobera bawo akumutcha wa tippex.

Pa bawo sekani nawo, palibe kanthu. Koma ndamva achinyamata akuloza nyumba ya malata ya mnansi wogwira ntchito m'boma n'kumati ndi ya Cashgate. Anthu a Cashgate anazengedwa milandu ndipo ena anakaseweza kundende. Mnansi wakoyo mwina anamanga ndi ngongole ya banki mkhonde imene akubwezabe. Mawu amenewo akafika kwa mwini wake, mlandu upita kwa amfumu, ndipo amene akalipe nkhuku kapena mbuzi ndi makolo ako.