Akakonza mahositelo a Chanco, alendi andithawa?

Funso: Ndili ndi zipinda za lendi ku Chikanda, ku Zomba, ndipo mumakhala ophunzira a ku Chanco. Mahositelo akale aja akadzawakonzanso, sindidzasowa anthu? — Mayi wa ku Chikanda

Yankho: Mayi, musade nkhawa msanga. Chanco idasamukira ku Chirunga, ku Zomba komweko, mu 1973 ophunzira ali ochepa. Lero achuluka kuposa mabedi, n'chifukwa chake adadzaza Chikanda. Nthawi yokonzayo mudzasimba lokoma, poti hositelo ikatsekedwa anawo amathamangira kwa inu, amisiri nawonso amafuna pogona ndi nsima yamasana. Fumbi la malole amchenga mudzangopirira nalo. Mutu udzakupwetekani ntchito ikatha: mwana woona bafa la matailosi sadzalolanso kusamba m'bafa laudzu lopanda chitseko. Ndalama zanyengoyo musadyeretu. Kokerani mpopi pakhomo, muikenso loko wolimba pachipinda chilichonse, poti anawa amagona ndi malaputopu.