Kuperekeza alendo ku Japan si kuwajambulitsa pa kachisi basi

Kalata ya sabata ino yachokera ku Japan, kwa mnyamata wathu amene akumaliza digiri ya zokopa alendo pa yunivesite ina ku Kyushu, chilumba cha kummwera chakumadzulo kwa Japan. Inali yaitali ndiye ndaidula, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ankolo, ndatsala ndi semesita imodzi. Timaphunzira m'Chingerezi ndiye Chijapani changa chili pa N3 (gawo lapakati pa mayeso a Chijapani a JLPT, lapamwamba ndi N1), usiku ndimagwira ganyu pa konbini (kasitolo kogulitsa usana ndi usiku). Mtima wanga uli pa ntchito ya gaidi, ndikufuna ndikangomaliza nditsegule kakampani kanga. Mnzanga wa ku South Africa anandipempha ndikonzere abale ake 8 pulani ya masiku 7, ndinalemba Tokyo, phiri la Fuji, akachisi 6 a ku Kyoto, agwape a ku Nara ndi Osaka, iye wayankha kuti zonsezo akhoza kuziona pa YouTube. Kunyumba bambo akuti sananditumize kunja kuti ndizikayenda pambuyo pa azungu, ndiyambe kutumiza magalimoto ngati ana a anzawo. Tulo sindikupeza. Nditani?"

Makalata otere ndawawerenga ambiri, amangosintha dziko ndi dzina la digiri. Ndiyamba ndi inu bambo, chifukwa ndikudziwa kuti mwanayu akutumizirani zimenezi pa WhatsApp.

Bambo, Japan si doko la magalimoto lokha ayi. Ife kuno timaidziwa chifukwa cha ma Sienta ndi ma Vitz amene adzaza m'misewu, koma mu 2024 dziko lija linalandira alendo pafupifupi 36.9 miliyoni, kuposa 31.9 miliyoni a mu 2019 Covid isanabwere, ndipo chiwerengero chimenecho chikuposa Amalawi tonse mutatiika pamodzi. Anthu onsewo amafuna wina wowamasulira, wowakonzera, wowauza povula nsapato. Mwana wakhala zaka 4 akuphunzira zimenezi ndiye inu mukufuna akayambe kulimbana ndi anthu amene akhala pa ma okishoni a galimoto zaka 20, chabe chifukwa mwana wa aneba anatumiza kathiraki? Zimanditopetsa zedi, makolo kusankhira ana ntchito poyang'ana pabwalo la mnzawo. Musiyeni ayese zimene waphunzira.

Tsono iwe mphwanga, usasangalale msanga, ndili nawe.

Kakampani kaja kaiwale kaye. Inde kuyambira January 2018 lamulo la ku Japan linasintha, munthu akhoza kuperekeza alendo n'kulipidwa popanda laisensi ya boma, koma zimenezo sizikutanthauza kuti viza yako ikulola chilichonse. Wophunzira amaloledwa maola 28 pa sabata, ukapitirira ukhoza kukanizidwa viza yotsatira, ndipo kumasungitsira anthu mahotelo ndi matikiti a sitima n'kumalandirapo ndalama ndi ntchito ya kampani yolembetsedwa ku boma, osati ya munthu ndi foni yake. Viza ya bizinesi nayo imafuna mpamba wa mamiliyoni a ma yen, ganyu ya pa konbini singakwanitse. Komanso N3 yakoyo imakwana kufunsa kasitomala ngati akufuna jumbo kapena umutenthetsere bento, chakudya cha m'kabokosi, koma singakwane kuimbira foni gogo wosula mipeni ku Sakai n'kumupempha mwaulemu kuti alandire anthu 8 Lachiwiri m'mawa. Zaka pafupifupi 4 uli m'dziko la eni ake n'kukhalabe pa N3? Apa palibe womuloza chala, unangokhala m'kagulu ka olankhula Chingerezi anzako, masiku n'kumapita.

Ndipo mnzako uja sanakunyoze, wakuuza zoona. Pulani yako ndi yongoyang'ana. Kachisi woyamba anthu amati eee, wachitatu ayamba kufunsa kumene kuli chimbudzi, wachisanu ndi chimodzi aliyense maso ali pa foni. Malo otchuka aja Google Maps imawafikitsako popanda iwe, nanga akulipire chifukwa chiyani? Komanso eni ake atopa ndi chipwirikiti, ku Gion, dera la ku Kyoto, mu 2024 anachita kutseka tinjira tina ta eni nyumba chifukwa cha alendo othamangitsa ndi makamera ma maiko, atsikana ophunzira magule achikhalidwe. Pamene gaidi amafunikadi ndi pa zimene Ajapani amati taiken, kutanthauza kuti mlendo agwire yekha ndi manja, aviike, aumbe, akande, aphike. Pamenepo pamakhala mmisiri amene nthawi zambiri Chingerezi sachidziwa ndi mlendo amene Chijapani sachidziwa, pakati pawo m'pamene pali ntchito yako.

Ndikuuze za ku Tokushima, pa chilumba cha Shikoku, kumene amanyika nsalu mu utoto wa buluu wotchedwa aizome. Ine nditalowa koyamba m'kashedi kaja chinandilandira ndi fungo, ngati la mphale yoviika imene yagonera masiku angapo, chifukwa utotowo ndi wamoyo, umachokera ku masamba amene amawavunditsa pafupifupi masiku 100 mpaka asanduke chimene amati sukumo. Umamanga kansalu koyera ndi timphira, n'kukamiza pang'onopang'ono mu mtsuko, pokatulutsa kamakhala kobiriwira mothimbirira moti umaganiza kuti walakwitsa. Ndiye ukakatambasula kakangokhudzana ndi mpweya kamayamba kusanduka buluu uli chiyang'anire, ukaviikanso kawiri katatu buluu uja amanka nakhwima. Ndinaona mayi wachikulire akukuwa ngati kamwana pamenepo. Zimenezo YouTube singamupatse munthu. Koma gaidi wabwino amakhala atawauza dzulo lake kuti asavale zoyera, amadziwa kuti wovula magolovesi zikhadabo zikhala za buluu masiku angapo, ndipo amatha kufotokoza chifukwa chake mmisiri sakufuna kuti wina avundule mtsuko mwamphamvu.

Ku Kanazawa, maola awiri ndi theka kuchokera ku Tokyo pa sitima yothamanga ya Hokuriku Shinkansen, kumapangidwa golide wopsapsala woposa 98 peresenti ya yense wa m'Japan, wopyapyala mwakuti ukangopumira pafupi wauluka. Mlendo amamata pa timitengo todyera kapena pa kambale, ola limodzi watha, n'kunyamula tsiku lomwelo. Mfundo yonyamula tsiku lomweloyi uigwire bwino, chifukwa ndi pamene magaidi atsopano amagwera. Ukawatengera koumba mbale, kaya ku Mashiko kaya kwina, dongo lija liyenera kuuma ndi kuwotchedwa, mwezi kapena kuposa, alendo ako adzakhala atabwerera kale ku Johannesburg, ndiye ufunsiretu ngati amatumiza kunja komanso ndi ndalama zingati. Kintsugi, kuja kolumikiza mbale yosweka ndi mizere ya golide, yeniyeni imagwiritsa utomoni wa urushi umene umatenga masabata kuti uume ndipo ena umawatulutsa ziwengo, ya tsiku limodzi imene alendo ambiri amachita imakhala ya guluu wamakono. Si yoipa, koma uwauze chilungamo asanalipire. Mpeni wa ku Sakai ukagulidwa upite m'chikwama chachikulu, osati cha m'manja pokwera ndege.

Za mwambo wa tiyi aliyense amazifuna, ndipo pa pulani yako zikulowa bwino chifukwa Uji, kwawo kwa matcha (tiyi wobiriwira wa ufa), ili pa njira ya sitima pakati pa Kyoto ndi Nara, kumene ena amalola mlendo kupera yekha tiyi pa mphero ya mwala asanamwe. Koma yang'ana mawondo a alendo ako. Kukhala chogwada pa mphasa ya tatami kwa mphindi 40 munthu wa zaka 60 sangapirire, ndiye ufunse ngati ali ndi ya ryurei, ya pa mipando ndi tebulo. Sokosi zikhale zoyera, pefyumu ayi, mphete ndi mawotchi avule kuti asakande mbale, kaswiti kaja amadya tiyi asanamwe. Timfundo tating'ono, koma n'timene timapangitsa mwini nyumba kunena kuti mudzabwerenso.

Pa zakudya m'pamene ndimafuna uchenjere kwambiri. Kukanda soba, mtundu wa ma noodles, n'kosangalatsa koma ufa wake pali anthu amene matupi awo amadana nawo moopsa, mpaka kuchipatala. Msuzi wa dashi umene uli pafupifupi mu chilichonse nthawi zambiri umakhala wa nsomba, ndiye wosadya nyama umuuziretu, ndipo mirin yokometsera zakudya ili ndi mowa, Msilamu ayenera kudziwa. Ngati pali ana, ku Ikeda ku Osaka kuli Cup Noodles Museum kumene mwana amajambula kapu yake n'kusankha zoikamo, ndipo ku Gujo Hachiman ku Gifu amaphunzitsa kupanga zakudya zachitsanzo zija umaziona pa mawindo a malesitilanti, phula lotentha kulidonthezera m'madzi ofunda mpaka lioneke ngati tempura, zakudya zoviika mu ufa n'kukazinga. Ku Koyasan, malo a akachisi a m'mapiri amene mmonke wa Chibuda Kukai anayambitsa mu 816, akachisi ambiri amagoneka alendo, chakudya chopanda nyama, mapemphero m'mamawa, kukopera malemba a Chibuda ndi burashi. Koma anthu a kwathu kuno ambiri ndi opemphera kwambiri, ena sangamasuke kulowa nawo m'mapemphero a chipembedzo china, ndiye ufunse asananyamuke, usadzawadzidzimutse 6 koloko m'mawa.

Chinanso, tsiku limodzi taiken imodzi basi, osapanikiza zitatu. Malo ang'onoang'ono ena anthu 8 sangakwane nthawi imodzi, uwagawe pawiri. Ukasungitsa 10 koloko ufike isanakwane, ndipo kungosowa osaimba foni ndiye kuti khomo limenelo wadzitsekera wekha, mwinanso watsekera ndi ena obwera pambuyo pako. Uyang'anenso kalendala, tchuthi cha Golden Week kumapeto kwa April mpaka kumayambiriro kwa May, mwambo wa Obon pakati pa August ndi masiku a Chaka Chatsopano, sitima zimadzaza ndipo amisiri ena amatseka.

Chimene chikundipweteka n'choti iwe uli ku Kyushu ndipo m'kalata yako yonse mulibe malo ngakhale amodzi a ku Kyushu. Ku Kannawa ku Beppu anthu amaphika okha mazira, mbatata ndi nkhanu pa nthunzi yochokera pansi, amati jigoku mushi. Beppu yomweyo ndi ya oluka nsungwi. Ku Arita ku Saga akhala akupanga mbale za porcelain zaka zoposa 400, ku Yame kuli tiyi, ku Kurume kuli nsalu za kasuri zonyika buluu yemweuja. Zonsezi zili pakhomo pako, wachitapo chimodzi? Sungagulitse chinthu chimene manja ako sanachikhudze, mlendo amadziwa msanga gaidi wongowerenga pa intaneti.

Njira imene ine ndikuikhulupirira ndi yotopetsa koma ndi yoyenda. Choyamba Chijapani. JLPT imalembedwa July ndi December, ufike N2 msanga kenako N1, chifukwa kuyambira 2019 womaliza yunivesite ya ku Japan amene ali ndi N1 akhoza kupempha viza ya Designated Activities nambala 46 imene imatsegula ntchito zambiri zokumana ndi makasitomala. Ukamaliza usanapeze ntchito pali viza yofufuzira ntchito ya miyezi 6 yowonjezeka kamodzi, koma imafuna kalata ya yunivesite yako, ndiye pita ku ofesi ya za ntchito pa sukulu pano, osati sabata yomaliza. Ulowe ntchito pa kampani yolandira alendo ochokera kunja, kapena pa hotelo, kapena ryokan (nyumba yogona alendo ya chikhalidwe cha Chijapani), ukhalepo zaka ziwiri zitatu ukuona mmene amawerengera mitengo ndi mmene amapepesera zinthu zikalakwika. Uli pomwepo uzikonzekera mayeso a laisensi ya boma ya gaidi, Zenkoku Tsuyaku Annaishi, amene amayendetsa a JNTO, bungwe la zokopa alendo la Japan. Sasankha mtundu wa munthu, olemba amakhala cha mu August, apakamwa cha mu December, ndipo ukakhala ndi 900 pa mayeso a Chingerezi a TOEIC pepala la Chingerezi amakukhululukira. Koma jogalafe, mbiri ya Japan ndi zina zonse zimafunsidwa m'Chijapani ndipo ambiri amalephera, ndiye usaganize zongolowa chaka chino n'kukhoza. Madera ena alinso ndi laisensi ya gaidi wa m'dera, ufufuze ngati kumene uliko ilipo.

Abale a mnzako aja athandize ngati mnzawo, hotelo ndi sitima asungitse okha kapena kudzera ku kampani yovomerezeka, ndalama zawo zisadutse m'manja mwako. Akachisi 6 aja usiye awiri, uikepo Uji, uikepo Kanazawa ngati bajeti ikulola, ndipo uwafunse kaye zaka zawo, zimene sadya ndi za mawondo zija.

Kuti ukhoza kukhala gaidi wabwino sindikukana. Munthu amene anakhumudwa atauzidwa kuti pulani yake ndi ya pa YouTube, m'malo mokwiya n'kulemba kalata kufunsa, ndiye kuti chidwi chilipo, ndipo kuleza mtima kwa pa konbini usiku kudzakuthandiza kuposa mmene ukuganizira. Koma panopa sunafike. Loweruka likubwerali kwera sitima upite ku Kurume kapena ku Kannawa wekha, usungitse malo pa foni m'Chijapani ngakhale uchite chibwibwi, utenge kope ulembe mtengo, nthawi imene zatenga, anthu angati angakwane, chimbudzi chili pati, mvula ikagwa zimatheka kapena ayi, ndi mawu onse a mmisiri amene sunawamve. Uchite zimenezi malo 10 semesita isanathe, zithunzi zake uwatumizire bambo, ndipo zotsatira za JLPT zikatuluka undilemberenso.