Shuga wa bambo anu ndi ukalamba wa kapamba

Achimwene a ku Santhe, mwafunsa kuti bambo anu awapeza bwanji ndi shuga atakalamba kale, pomwe tiyi amamwa wopanda shuga ndipo kumtundu kwanu kulibe anadwalapo. Pepani ndithu, nkhani yotere imasowetsa mtendere.

Gwero lake ndi kapamba. M'kati mwake muli timaselo totchedwa beta, timene timapanga insulini, yomwe imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Majini (malangizo a m'maselo otengera kwa makolo) amene munthu anabadwa nawo amakhala omwewo mpaka kukalamba, koma kagwiridwe kake ka ntchito kamasintha: ena amafooka, ena amachita kunyanya. Jini ya CDKN2A imapanga puloteni ya p16, imene imaletsa maselo kugawikana, ndipo p16 imachuluka m'timaselo ta beta munthu akamakula. Choncho timaselo totopa sitilowedwa m'malo msanga. Nthawi yomweyo minofu imachepa ndipo siimvera insulini ngati kale, ndiye kapamba wokalambayo amafunika kugwira ntchito yochuluka kuposa ali mnyamata.

Za tiyi zisakusokonezeni. Nsima nayo ikagayika m'mimba imasanduka shuga, makamaka ya ufa woyera. Mgaiwa ndi wabwinoko, koma mitanda ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke. Ndipo chonde musawaletse kupita kumunda, poti kuyenda ndi kulima kumathandiza minofu kumwa shuga.

Mankhwala amene awapatsa asasiye ngakhale akumva bwino. Inunso mukayezetse pa chipatala cha boma cha Kasungu, m'mawa musanadye kanthu. Muyeso wa shuga wa m'magazi ukakhala kuyambira 7.0 mmol/L kupita m'mwamba, madokotala amayezanso kuti atsimikize.